Kodi mano a anthu akumudzi ayenera kudikira dokotala yekha?

Mayi Nachisale:
Abale ndi alongo a pagulu lino, landirani moni. Ndabweretsa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira teremu yatha. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina ya kumudzi, ndipo mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, wa zaka 8, anajomba masabata atatu chifukwa cha dzino. Makolo ake anayamba ndi madzi amchere ndi panado wa pagolosale, koma tsaya litatupa anapita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathuko, kumene anangopatsidwa mankhwala opha ululu ndi kalata yoti apite kuchipatala chachikulu, popeza pamalopo panalibe wodziwa za mano. Ndalama ya kabaza ndi ya minibasi inapezeka atagulitsa nkhuku ziwiri, ndipo atafika anamuzula dzinolo. Amayi ake anandiuza mosadandaula kuti lina limera, koma mwanayo atatsegula pakamwa ndinaona kuti linali dzino lalikulu la kumapeto, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Ndamva kuti m'mayiko ena muli anthu otchedwa dental hygienist, amene si madokotala koma amayendera ana ndi kuteteza mano asanawole. Funso langa kwa odziwa ndi lakuti, kodi anthu oterewa angathandize kwathu kuno, kapena ndi zinthu za mayiko olemera basi?

Bambo Mbewe:
Mayi Nachisale, zikomo pofunsa, ndipo ndiyambe ndi nkhani yowawa. Ngati linali dzino lalikulu la kumapeto mwa mwana wa zaka 8, n'zotheka kwambiri kuti silidzameranso. Dzino limenelo limatuluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kuseri kwa mano a ubwana, popanda lina kuguluka, ndiye makolo ambiri amaliyesa la ubwana pamene lili la moyo wonse. Pamwamba pake pamakhala timikwasa tozama momwe zotsalira za mabisiketi ndi maswiti zimabisala, n'chifukwa chake ndi limene limayamba kubooka.

Ine ndine dental therapist, ndinaphunzira ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 14. Kusiyana kwa maudindo awiriwa kuli motere. Hygienist amaphunzira makamaka kuteteza: kupala zokakamira zolimba zimene zimaunjikana m'munsi mwa mano, kuchiza nkhama zotuluka magazi, kupaka mankhwala olimbitsa mano otchedwa fluoride, kutseka timikwasa ta mano a ana asanabooke, ndi kuphunzitsa anthu kutsuka bwino. Therapist amaphunzira zambiri mwa zimenezi, koma amamatanso mano obooka, ndipo kwathu kuno amazulanso. Choncho sitinganene kuti m'Malawi mulibe anthu a pakati pa dokotala ndi wodwala, chifukwa ifeyo ndife amene tasenza ntchito ya mano m'maboma kwa zaka zambiri. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwa zonse zimene ndinaphunzira, chimene ndimachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi kuzula. Anthu amafika dzino litatheratu, mzere umakhala wautali, ndipo nthawi zina zomatira sizikhalapo. Munthu amene ndikanamumata dzino miyezi 6 yapitayo ndimamubaya jakisoni wa dzanzi n'kumuzula, ndipo amandithokoza pochoka, osadziwa kuti dzinolo likanapulumuka.

Mayi Nankhoma:
Ndalonjera nonse kuchokera ku Scotland. Ine ndine mmodzi wa anthu amene Mayi Nachisale akuwafunsawo, popeza ndimagwira ntchito ya dental hygienist kuno. Udindo umenewu unayambira ku America, kumene dokotala wina dzina lake Alfred Fones anatsegula sukulu yoyamba mu 1913 mumzinda wa Bridgeport, m'chigawo cha Connecticut. Iye anaona zimene Bambo Mbewe akunenazi, kuti dokotala amatanganidwa ndi mano owonongeka kale, ndipo ophunzira ake oyamba anatumizidwa kukagwira ntchito m'masukulu a ana. Ndikutsindika za masukulu chifukwa anthu ambiri masiku ano amaganiza kuti hygienist ndi munthu woyeretsa mano a anthu achuma kuti aziwala, pamene chiyambi chake chinali pa ana a anthu wamba.

Chimene chinasintha zinthu kuno ku Britain ndi lamulo. Kale ine sindikanaloledwa kukhudza wodwala dokotala asanamuone ndi kulemba zoti ndichite. Kuyambira mu 2013, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za mano la General Dental Council linalola kuti munthu azibwera kwa hygienist kapena therapist mwachindunji, ndipo mu 2024 tinaloledwanso kupereka mankhwala ena, monga a dzanzi ndi opaka a fluoride, popanda kudikira kalata ya dokotala. Ndikapeza vuto loposa maphunziro anga, ndimatumiza wodwalayo kwa dokotala, ndipo ndikalephera kutero ndikhoza kulandidwa chiphaso. Kuno ku Scotland kulinso ndondomeko yotchedwa Childsmile, imene ana a kumkaka amatsuka mano tsiku lililonse akuyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, ndipo ana a m'madera osauka amapakidwa fluoride. Ntchito yaikulu pamenepo imagwiridwa ndi mswachi, mankhwala otsukira ndi munthu wokhulupirika wobwera tsiku lililonse, osati makina odula.

Bambo Gondwe:
Ndawerenga zonse mwachifatse, koma ndiloleni nditsutse pang'ono, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ine ndinagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndipo ndaona maganizo ambiri abwino akubwera ndi mawu akuti anthu akumudzi apatsidwe chapafupi. Nkhawa yanga ndi yakuti tikhoza kukhazikitsa chithandizo cha mitundu iwiri, dokotala weniweni kwa anthu a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, ndipo wophunzira zaka zochepa kwa anthu a ku Nsanje ndi ku Chitipa. Dziko lathu linakhala nthawi yaitali lopanda sukulu ya madokotala a mano, moti ofuna ntchitoyi ankapita kunja, ambiri ku Tanzania. Mu 2019 maphunziro a digiri ya zamano anayamba ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ndi boma la Scotland. Kodi si nzeru kuika mphamvu zathu zonse pamenepo kuti madokotala achuluke, m'malo moyamba udindo wina watsopano umene udzafunanso malipiro, aphunzitsi ndi nyumba?

Bambo Mbewe:
Bambo Gondwe, funso lanu ndi la munthu wokonda anthu akumudzi, ndipo sindilipeputsa. Koma tiyeni tione chiwerengero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Pa nthawi imene sukulu mukuitchulayo inkayamba, madokotala a mano m'dziko lonse sankafika 50, ndipo ambiri anali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Maphunziro a dokotala amatenga zaka 5, ndipo kalasi imatenga ophunzira ochepa chifukwa aliyense amafunika mpando wake wophunzirirapo ndi mphunzitsi womuyang'anira pafupi. Ngakhale onse atamaliza, osapita kunja ngakhale mmodzi, mwana wa m'kalasi ya Mayi Nachisale adzakhala atakwatiwa dokotala asanafike pachipatala chaching'ono cha kwawo.

Komanso dziko lathu si lachilendo pa nkhani yogawana ntchito. Amayi ambiri amene amachitidwa opaleshoni pobereka m'zipatala za m'maboma amathandizidwa ndi ma clinical officer. Pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, tikadanena kuti aliyense adikire dokotala, bwenzi anthu ochuluka atamwalira ali pamzere, koma ntchitoyo inaperekedwa kwa ma clinical officer ndi anamwino, ndi malangizo omveka bwino ndi kuyenderedwa pafupipafupi. Kupaka fluoride kapena kupala nkhama si chithandizo chotsika chimene wosauka amalandira chifukwa chosowa dokotala. Ngakhale ku Glasgow, munthu wachuma akafuna zimenezi amakhala pampando wa Mayi Nankhoma, osati wa dokotala.

Mayi Nankhoma:
Ndionjezerepo chitsanzo chimodzi chimene chimayankha nkhawa ya Bambo Gondwe, chifukwa mkangano umenewu unachitikadi kwina. Dziko la New Zealand linayamba mu 1921 kuphunzitsa atsikana kukhala anamwino a mano a m'masukulu, ndipo ana a dzikolo akhala akuthandizidwa motero kwa zaka zoposa 100. Atsogoleri a mitundu ya eni nthaka ku Alaska, chigawo cha ku America kumene midzi yambiri imafikika pa ndege kapena pa bwato basi, anatumiza achinyamata awo kukaphunzira ku New Zealand komweko, ndipo atabwerera n'kuyamba ntchito, bungwe la madokotala a mano la ku America linapita kukhoti kuti liwaletse, likunena mawu ofanana ndi anuwo, kuti anthu akupatsidwa chithandizo chotsika. Khoti silinawaletse, ndipo mu 2009 chigawo cha Minnesota chinavomereza udindo wa therapist mwa lamulo. Chimene ine ndimatolapo pa nkhani ya Alaska n'chakuti anasankha ana a m'midzi momwemo, olankhula chilankhulo cha anthu, amene sankaona kukhala kumudziko ngati chilango.

Bambo Kamanga:
Ndine mlangizi wa zaumoyo, ndipo ndimayenda m'midzi 9 pa njinga. Ndakhala chete chifukwa ndimafuna ndimve kaye akatswiri. Zimene ndimaona ine n'zakuti nkhani ya mano siilowa n'komwe m'zokamba zathu. Kusikelo timakamba za katemera, za kadyedwe, za malungo, za kulera, koma pakamwa pa mwana sitiyang'anamo pokhapokha akamakana kuyamwa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti m'dzino lobooka muli kanyongolotsi, ndipo ena amafukiza kapena kuikamo zinthu zoopsa, ngakhale madzi a batire, kuti kafe. Ena amatsuka ndi makala kapena mchenga, zimene zimayeretsa lero koma zimaperesa dzino. Kamtengo kotafuna kunsonga kamene agogo athu ankagwiritsa ntchito sindikanyoza, chifukwa kamachotsa zotsalira ndithu, koma agogowo sankadya shuga ngati amene ana athu akudya lero pageti pa sukulu.

Ndinaonanso bambo wina amene anatupa pansi pa chibwano chifukwa cha dzino, mpaka kulephera kumeza malovu. Achibale ankati walodzedwa, ndipo pamene tinkamunyamula anali akupuma movutikira. Anapulumuka, koma anagonekedwa masiku ambiri. Kuyambira pamenepo sindinenanso kuti dzino silipha. Pempho langa ndi lakuti munthu wa mano amene mukumukambayo, kaya mumutcha dzina liti, azibwera kusikelo ya kumudzi kamodzi pa mwezi, ndipo ifenso atiphunzitse zoyenera kuona. Sindikupempha kuti ndizizula mano, ndipo sindikufuna kutero. Ndikufuna kudziwa nthawi yoyenera kunena kuti uyu apite lero, asadikire mawa.

Bambo Mbewe:
Bambo Kamanga mwakhudza chinthu chimene anthu saganizira, chakuti woyang'ana m'kamwa amaona zambiri kuposa mano. Zoyera za m'kamwa mwa munthu wamkulu kapena zotupa zofiirira m'nkhama nthawi zina zimakhala chizindikiro choyamba chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo ndatumizapo anthu ambiri kukayezetsa magazi. Mwana wotupa nsagwada mofulumira, mano akugwedera popanda chifukwa, akhoza kukhala ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene imapezeka kwambiri mwa ana a kuno ndipo imachizika ikapezeka msanga. Munthu wa matenda a shuga amavutika ndi nkhama, ndipo nkhama zodwala zimachititsanso kuti shuga avute kutsika. Palinso matenda a noma, amene amadya tsaya la mwana woperewera zakudya m'thupi, koma amayamba ngati chilonda cha m'nkhama chimene munthu wophunzitsidwa akhoza kuchigwira msanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu December 2023.

Pa za zipangizo, si zonse zimafuna magetsi. Pali njira yomata mano imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndipo inayesedwanso m'masukulu a ku Zimbabwe, imene wothandiza amakokota powolapo ndi tizitsulo ta m'manja n'kumata ndi chomatira chotchedwa glass ionomer, mwana atagona patebulo la m'kalasi. Mu 2021 WHO inaika glass ionomer, mankhwala otsukira mano a fluoride ndi silver diamine fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse. Otsirizawa amadonthezedwa pa dzino lowola n'kuimitsa kuwolako popanda jakisoni, kungoti malo owolawo amada bii, ndiye makolo amafunika kufotokozeredwa bwino asanavomere.

Mayi Nachisale:
Ndaphunzira zambiri, koma pali china chandisokoneza. Mchemwali wanga anakwatiwa cha ku Nathenje, ndipo ana ambiri kumeneko ali ndi mano a mawanga ofiirira. Anauzidwa kuti chimachititsa ndi fluoride wa m'madzi a pamjigo. Nanga inu mukuti tipake ana fluoride yemweyo, kodi sitiwonjezera vuto?

Mayi Nankhoma:
Mayi Nachisale, mwafunsa bwino, ndipo apa ndi pamene nzeru za kuno ku Scotland sizingakopedwe osaganiza. Mawanga amenewo amabwera mwana akamamwa madzi a fluoride wochuluka pa zaka zimene mano akuumbika m'kati mwa nsagwada. Malire amene WHO imalangiza m'madzi akumwa ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, ndipo m'madera ena a dziko lathu la Malawi, monga kumene mwatchulako, mbali zina za Machinga ndi za kuchigwa cha Shire, mijigo ina imapitirira pamenepo. Kupaka pamwamba pa dzino kawiri pa chaka, kapena kutsuka n'kulavula, n'kosiyana ndi kumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Komabe wogwira ntchito m'dera lotero ayenera kudziwa madzi a dera lake, kuonetsetsa kuti ana aang'ono sakumeza mankhwala otsukira, ndi kugwirizana ndi a zamadzi. Ichi n'chifukwa china chofunira munthu wophunzitsidwa wokhala m'dera momwemo, osati alendo obwera sabata imodzi, kugawa miswachi n'kumapita.

Bambo Gondwe:
Ndavomereza kuti pa chiwerengero Bambo Mbewe andiposa, ndipo chitsanzo cha ma ARV chandikhudza chifukwa ndinataya abale anga awiri mankhwalawo asanafike. Koma mbali ina ya funso langa sinayankhidwe. Ngati ma therapist alipo kale ndipo anaphunzira kuteteza, koma akuthera tsiku lonse akuzula chifukwa cha mzere ndi kusowa kwa zomatira, kodi hygienist akabwera sadzakumana ndi zomwezo? Munthu wobuula ndi dzino ataima pakhomo, kodi hygienist adzamuuza kuti ine ntchito yanga ndi yoteteza basi? Ndikuopa kuti pakatha chaka adzagwira chozulira, kaya lamulo likumulola kapena ayi, chifukwa chifundo chidzamukakamiza. Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa mu 2022, ndipo ine ndikanakonda kuti mphamvu zipite pa kuitsata imeneyo ndi anthu amene tili nawo.

Bambo Mbewe:
Pamenepo Bambo Gondwe sindikutsutsani, ndipo mwina mudabwa kumva kuti ine sindikulimbikira dzina la hygienist. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, munthu wosaloledwa kuzula kapena kumata adzakhumudwitsa anthu, ndipo adzasiya kubwera kwa iye. Kumeneko kukufunika therapist, koma therapist amene wapatsidwa masiku ake oteteza olembedwa pa ndandanda ya ntchito, mwachitsanzo masiku awiri pa sabata a kusukulu ndi kusikelo, amene mkulu wa chipatala sangawalande chifukwa mzere watalika. Kumene hygienist angathandize kwambiri ndi m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, m'makiliniki a matenda a shuga ndi a amayi oyembekezera, ndiponso pa kuyang'anira ntchito ya m'masukulu ndi kuphunzitsa alangizi ngati Bambo Kamanga. Zonsezi zimafuna kuti Medical Council of Malawi, imene imayang'anira ogwira ntchito zachipatala, ilembe momveka bwino malire a udindo uliwonse, ndiponso kuti madokotala atsopano aziyendera ndi kulangiza, ngakhale pa foni. Ndimatumizira kale zithunzi za m'kamwa kwa dokotala wina pa WhatsApp, wodwala atavomera, ndipo nthawi zambiri amandiyankha wodwalayo asananyamuke.

Chinanso chimene sitinachitchule ndi tsogolo la wogwira ntchitoyo. Anzanga ambiri amene tinaphunzira limodzi anasiya za mano n'kukaphunzira zina, chifukwa sankaona makwerero. Ukaphunzitsa anthu koma osawapatsa njira yokwerera, umakhala ukutunga madzi ndi dengu.

Mayi Nankhoma:
Ndikugwirizana ndi Bambo Mbewe, ndipo kunonso masukulu ambiri tsopano amaphunzitsa maudindo awiriwa pamodzi, moti womaliza amatuluka ali hygienist komanso therapist. Mwina kwathu njira yachidule ndi yomweyo, kukulitsa mbali yoteteza m'maphunziro amene alipo kale.

Mayi Nachisale:
Ndathokoza nonse. Ndakambirana ndi aphunzitsi aakulu masana ano, ndipo avomera kuti nkhaniyi ipite ku komiti ya sukulu ndi ku gulu la amayi Lachisanu likudzali. Pasukulu pathu ana amalandira phala m'mawa, ndiye ndikuganiza kuti nthawi yotsuka mano ikhale akangomaliza phalalo, tiyambe ndi Sitandade 1 ndi 2. Mavuto amene ndikuwaona ndi awiri. Mjigo wathu uli patali pang'ono ndi makalasi, ndipo sindikudziwa kasungidwe ka miswachi ya ana 140 kuti isakhudzane kapena kusinthanitsidwa. Mayi Nankhoma, ndikupempha mundifotokozere mmene aphunzitsi a kumeneko amachitira. Bambo Mbewe, kodi kalata yopempha kuti wa mano adzaone ana athu tilembere kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lathu mwachindunji, kapena idzere kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu?

Bambo Kamanga:
Idzereni kwa mlangizi wa dera lanu ndi kwa oyang'anira chipatala chaching'ono, Mayi Nachisale, kuti ikafika kuboma ikhale ndi umboni wa anthu a m'deralo, ndipo a PEA, amene ndi mlangizi wa masukulu a pulayimale m'dera lanu, alandireko kope lake. Mulembemo chiwerengero cha ana amene anajomba chifukwa cha mano teremu yatha, chifukwa kaundula wa m'kalasi muli naye kale.

Mayi Nankhoma:
Za miswachi, mwana aliyense amakhala ndi wake wokhala ndi chizindikiro, ndipo imaimikidwa m'chosungira chokhala ndi mabowo otalikirana, mitu ili m'mwamba kuti iume. Mmisiri wa matabwa wa m'mudzi akhoza kuboola thabwa n'kulemba manambala a ana. Mphunzitsi asafinyire mankhwala pa mswachi uliwonse kuchokera m'chubu, koma adonthezere timadontho tonga njere ya nandolo pa mbale yoyera, motalikirana, mwana aliyense n'kutapa kake. Madzi ambiri safunika, chifukwa ana amatsuka mphindi ziwiri n'kulavula osachukucha, kuti fluoride akhalebe pa mano, ndipo madzi amangofunika potsuka miswachiyo pomaliza, uliwonse paokha. Chidebe chimodzi chokhala ndi mpopi chikhoza kukwanira kalasi. Musanayambe, funsani a zamadzi ngati mjigo wanu unayezedwapo fluoride, ndipo mundiuze zimene akuyankheni.